Mawu Apachibale ndi Pepala Lopinda

9 Febuluwale

Okondedwa Mayi a Kambalame,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kamene kandigwira chifukwa cha fumbi la makatoni.

Ndikudziwa chimene chikukudyani mumtima. Mwalemba kuti mwalowa kalasi ya akuluakulu, koma mukuopa kuti mutu unauma kale, Chingerezi sichingalowemo. Mwatinso alamu anu atamva anaseka mpaka kutsamwa. Alekeni aseke. Munthu amene amangoyang'ana mayi kamodzi n'kumusokera diresi yomukwana osagwira tepi, mutu wake sunaume.

Ine ndinaphunzitsa ana zaka zisanu ndi zinayi ndisanabwere kuno. Ndinaona kuti mawu amaopsa akabwera onse pamodzi ngati chigulu cha pamsika. Koma mawu ali ndi mabanja. Ena amayamba ndi zilembo zofanana, monga ana a bambo mmodzi amene onse anatengera mphuno. Tiziwachezera banja limodzi pa kalata iliyonse.

Lero tiyambe ndi banja la st. Ena mwa iwo muli nawo kale m'kamwa. Store ndi sitolo. Stove ndi sitovu. Stamp ndi sitampa ija mumamata pa envelopu. Mwaona? Atatu mwawadziwa musanakhale n'komwe pansi. Tsono abale awo ndi awa. Stop ndi kuima kapena kuleka. Stand ndi kuimirira. Stay ndi kukhala pamalo osachokapo. Step ndi kuponya phazi limodzi kutsogolo.

Mawuwa ndawadula pa makatoni otayidwa, muwapeza mu envelopumu. Fakitale yathu imadula ndi kupinda makatoni, ndipo ine ndimaima pa makina a mpeni waukulu pamodzi ndi mkulu amene ndimagona naye chipinda chimodzi. Timawatcha a Wailesi, chifukwa pakamwa pawo sipazima. Atandiona ndili ndi sizasi anati, "Aphunzitsi, anzanu amatumizira akazi awo nsalu, inu mukutumiza zinyalala? Akuthawanitu mayiwo!" Ndinawauza kuti nsalu inu mumazidziwa kuposa ine.

Lamba wa makina anu osokera ndagula, ndipatsira adalaivala a basi. Lata lija la pakhonde auzeni akalipentala alikhome mphepo isanalinyamule. Kambalame asamapite kusukulu osadya.

Ndine wanu,
Bambo a Kambalame

2 Marichi

Okondedwa Mayi a Kambalame,

Moni kwa inu ndi kwa mwana. Ndasangalala kumva kuti lamba wakwana ndiponso kuti mayi anga mwendo wayamba kuwalola. Chifuwa changa chatha.

Mwati munawerenga STOP pa chikwangwani cha pamsewu, ndipo munaimadi mpaka wanjinga anakukalipirani. Ndaseka, koma ndanyadira. Chikwangwanicho mwachidutsa zaka zingati chisanakulankhulenipo?

Banja la lero ndi la sh, kaphokoso kaja mumachita pothamangitsa nkhuku m'nyumba. Shirt ndi shati, shop ndi shopu, amenewa ndi anzanu akale. Shoe ndi nsapato. Shut ndi kutseka. Share ndi kugawana. Shout ndi kukuwa mokalipa.

Lomalizali ndinaliphunzira bwino kwa akapitawo athu. M'mawa uliwonse amaima pakhomo ndi kabolodi kopanirapo mapepala, pepala la mayina atalipinda kumtunda kuti likwane pa chopanira. Aliyense amasaina pamzere wake akuyenda. Ukangochedwa ndi cholembera amati, "Ukulemba kalata ya chibwenzi? Saina, dutsa!" Tilipo makumi atatu ndi mmodzi, koma timatha mphindi zitatu zisanakwane.

Pa nthawi yopuma masana ndayamba kakalasi kuseri kwa mulu wa makatoni. Abwera asanu ndi mmodzi. A Wailesi amakhala kutsogolo. Dzulo anati, "Ine Chingerezi ndimachidziwa chonse, chimene chimandivuta ndi tanthauzo lake basi." Palinso a Ndevu, mkulu wathu pa tonse, wa ana asanu ndi awiri. Iwo salankhula. Amangotola kachidutswa ka katoni n'kuika m'thumba la ovolosi. Akapitawo anatipeza tsiku lina, anaima kanthawi, kenako anati anthu ophunzira amachedwetsa ntchito. Sitinaleke. Nthawi yopuma ndi yathu.

Mwafunsa ngati makinawo ndi oopsa. Anabwera ndi chotchingira cha waya, chonga kakhola ka nkhunda, choti dzanja lisafike ku mpeni. Anachichotsa kalekale, akuti nachonso chimachedwetsa ntchito. Pano chili kuseri kwa chitseko, akapitawo amayanikapo makapu awo a tiyi. Ndinafunsapo kamodzi. Koma zimenezi zisakuvuteni, manja anga ndimawasamala.

Mbuzi ija musaigulitse ngakhale alamu anu akakamize. Nsapato za Kambalame mugule zokulirapo pang'ono, phazi lake lili pa liwiro.

Wanu,
Bambo a Kambalame

30 Marichi

Mayi a Kambalame,

Moni. Ine ndili bwino, manja onse awiri. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa nkhani zimathamanga, mwina wina wakuuzani kale mosokoneza.

A Wailesi ali kuchipatala. Dzanja lamanja. Madokotala apulumutsa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Zinachitika Lachitatu tisanapume, ine ndili pambali pawo. Zambiri ndidzakuuzani pamaso. Chipinda chathu chili zii, ndipo sindinkadziwa kuti phokoso la munthu ungalisowe chonchi.

Lachinayi m'mawa tinapeza chotchingira chija chili pa makina, atachimanga ndi mabawuti atsopano owala. Makapu asamukira pa windo. Tsikulo tinasaina kawiri pakhomo, akuti pepala loyamba latayikira tiyi. Tonse tinangosaina n'kudutsa.

Banja la lero sindinalisankhe, labwera lokha. Ndi la bl. Blue ndi buluu, black ndi chakuda, ulusi wanu uli nawo onse awiri. Blade ndi mpeni wa makina kapena lumo. Blood ndi magazi. Blame ndi kuloza munthu chala kuti wolakwa ndi iyeyu.

Werengani awiri oyambawo. Enawo akhoza kudikira.

Kambalame mumupsompsone m'malo mwanga.

Bambo a Kambalame

27 Epulo

Okondedwa Mayi a Kambalame,

Moni kwa nonse. Makalata anu awiri ndinalandira, ndipo mwakwiya moyenera. Sindinadwale. Ndinali ndi manyazi, ndipo manyazi amalemetsa cholembera kuposa malungo.

Ndikuuzani monga zinachitikira. Lamulungu lapitalo ndinapita kukaona a Wailesi. Ndinawapeza atakhala pa bedi, dzanja lili m'mabandeji. Anasolola envelopu pansi pa pilo.

"Aphunzitsi, kampani yandilembera. Ndiwerengereni. Mokweza, musadumphe."

Kalatayo inkanena kuti ngozi anaiputa okha, choncho kampani ilibe mlandu, ndipo ntchito yawo yatha. Kumbuyo kwake anamatako pepala lina. Pamwamba pake panali mizere inayi ya Chingerezi yonena kuti ife osaina m'munsimu tikuchitira umboni kuti chotchingira chinali pa makina masiku onse, ndipo a Wailesi anachichotsa okha m'mawa wa tsikulo. M'munsi munali mayina makumi atatu. Pakati pa mizereyo ndi mayinawo pankaoneka kamzere ka popinda.

Ndi pepala lachiwiri lija, la tiyi wotayika.

Ndinawerenga mpaka kumapeto, sindinadumphe. A Wailesi anatenga pepalalo ndi dzanja lamanzere. Kenako anaika chala pa dzina lachinayi.

"Ili ndalizindikira ndekha. Pa tonse aja ndinu nokha mumalemba mokongola."

Mayi a Kambalame, a Ndevu sadziwa kuwerenga, ena aja sadziwa kuwerenga. Nanga ine? Ine amene ndinkauza ana kuti asayankhe funso asanaliwerenge kawiri, ndinasaina ndikuyenda ngati mbuzi yotuluka m'khola. Chaka ndi theka ndakhala ndikusaina pepala lopinda, osafunsapo kuti kuseri kwa popindapo kuli chiyani.

Banja la lero ndi la si. Sit ndi kukhala pansi. Sick ndi kudwala. Sign ndi kusaina, kuika dzina lako pansi pa mawu kuti akhale ako. Sin ndi tchimo. Side ndi mbali. Munthu akhoza kupezeka ali mbali imene sanasankhe, koma akadziwa, kukhalabe komweko ndiye kusankha.

Pa 14 Meyi kubwera mayi woyendera za ngozi za pantchito. Akuti adzangoona pepalalo n'kutseka nkhani.

Mwati aphunzitsi anu anakuimikani kutsogolo kuti muwerengere anzanu. Musandiuze kuti miyendo inanjenjemera, ndiuzeni kuti munamaliza. Feteleza wotsala uja muike pouma.

Wanu wa manyazi,
Bambo a Kambalame

11 Meyi

Okondedwa Mayi a Kambalame,

Moni. Ndili bwino, ndikudya, ndikugona. Ndasangalala kuti Kambalame chifuwa chamusiya.

Uthenga wa achimwene, alamu anu aja, ndamva. Akuti ndinapita kukagwira ntchito, osati kukaweruza milandu, ndipo dzanja lodukalo si la m'bale wathu. Auzeni mwaulemu kuti dzanjalo si la m'bale wathu, koma dzina lili papepalalo ndi la bambo athu. Iwonso amalemba lomwelo.

Kuno mabwana anunkhiza kale kuti pepala lija ndaliwerenga. Lachiwiri akapitawo anandiitanira m'kaofesi kawo, anandipatsa mpando, anandithirira tiyi. Chaka ndi theka sanandipatsepo ngakhale moni.

"Aphunzitsi, munthu wa sukulu ngati inu kuima pa mpeni n'kuwononga. Tikufuna kalaliki wolemba malebulo. Mpando, fani, ovolosi ayi."

Ndinati, "Zikomo akapitawo. Ndiyambe liti?"

"Pa 15."

Ndiye kuti mawa lake mayi woyendera uja atabwera. Tinayang'anana. Ndinaika kapu pansi osamwa. Ndikutuluka anandifunsa, mofatsa ngati munthu wofunsa za mvula, kuti chikalata changa chogwirira ntchito m'dziko muno chimatha mwezi uti.

Anzanga sindiwaimba mlandu. Nditawauza zimene tinasaina, ena anatukwana, ena anangoyang'ana pansi. A Ndevu, amene salankhula aja, anati, "Aphunzitsi, choonadi chanucho ana anga adya?" Kakalasi kathu katsala ndi anthu awiri, ndipo amakhala moyang'ana kuchitseko.

Banja la lero ndi la tr. Truck ndi thiraki, tray ndi thireyi. Trick ndi kupusitsa munthu mochenjera. Trap ndi msampha. True ndi zoona. Trust ndi kukhulupirira munthu. Try ndi kuyesa. Taonani, m'banja limodzi muli akuba ndi anthu abwino, monga mabanja onse.

Ndalemba kalata yanga yoti ndipereke kwa mayi woyenderayo. Ndaika mawu afupiafupi okhaokha, oti aliyense wa m'kalasi mwathu akhoza kuwatsata ndi chala. Ndanenamo kuti ndinasaina osawerenga, kuti zolembedwazo ndi zabodza, ndipo dzina langa ndikulichotsapo.

Sindikuuzani kuti musaope, chifukwa inenso ndikuopa. Ndikudziwa kuti denga lija ndi sukulu ya mwana zatsamira pa ntchito imeneyi. Koma ndikakhala pa mpando wa fani uja, ndidzakuphunzitsani bwanji mawu akuti true? Mudzandiyang'ana bwanji? Ngati mukuona kuti ndapenga, lembani choncho. Kalatayo idzandipeza zitachitika kale, koma ndidzaiwerenga yonse.

Pakadali pano madiresi a ana a sukulu aja muwalandire onse, musakane ntchito.

Wanu,
Bambo a Kambalame

25 Meyi

Okondedwa Mayi a Kambalame,

Moni kwa inu ndi kwa mwana. Ndili bwino. Khalani pansi, kapena ndinene kuti sit.

Mayi woyendera anabwera. Wamfupi, wa magalasi, nsapato zafulati. Anatisonkhanitsa pafupi ndi makina, akapitawo ndi bwana wamkulu ali pambali pake. Anakweza pepala lija, atalitambasula, n'kufunsa ngati tonse tikugwirizana nalo. Anali atayamba kale kutsegula chikwama kuti aliikemo.

Ndinaimirira. Ndinawerenga kalata yanga mokweza, kenako ndinaimasulira m'chinenero chathu kuti anzanga amve. Bwana wamkulu anaseka, anati uyu ndi mphunzitsi wolephera, amakonda kumveka.

Mayiyo anati, "Bambo, mawu anu ndi amodzi, apa pali mayina makumi atatu. Muli ndi chondionetsa?"

Ndinamutengera ku chotchingira. Pakona pake pali kawaya kopindidwa ngati mbedza. Ndinamufunsa kuti pa makina odula makatoni kambedza n'kantchito yanji. Ndinamuuza kuti akapitawo anakapinda okha kuti azikolekapo sefa ya tiyi, nthawi imene chotchingiracho chinali thandala la makapu kuseri kwa chitseko. Pomanga mofulumira anaiwala kukachotsa. Ndinamuonetsanso madontho a tiyi pa waya, ndi mabawuti amene sanadyepo fumbi.

Anawerama, anakagwira kawayako, analemba. Kenako anayang'ana gulu lonse.

"Alipo wina amene akudziwa za sefa imeneyi?"

Ndinkamva fani ya mu ofesi ikuzungulira. Mumtima ndinati basi, ndatha ndekha.

Kenako kumbuyo kunamveka kukhosomola. A Ndevu. Anaponya phazi limodzi kutsogolo, chipewa chili m'manja.

"Sefayo ndimatsuka ndine, mayi. Zaka zitatu."

Wina anaseka mosafuna, ndipo kusekako kunamasula anthu. Anatuluka wachiwiri, wachitatu, mpaka asanu ndi atatu. Ena anakhala pomwe anali, ndipo sindiwada.

Lachisanu anandiitana ku ofesi n'kundipatsa kalata. Akuti ntchito yachepa, choncho yanga yatha. Iyi sanaipinde. Ndinaiwerenga yonse ndili chiimirire, pang'onopang'ono, akapitawo akudikira ndi cholembera. Ndinawaonetsanso pamene kalaliki wawo analakwitsa tsiku.

Lero palibe banja latsopano. Bwererani ku loyamba lija, stand ndi step. Ndinakupatsani matanthauzo ake mu Febuluwale, koma ndawadziwa bwino mwezi uno.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Ngati zavuta, mbuzi ija gulitsani, koma mtengo munene ndinu, osati alamu anu.

Wanu,
Bambo a Kambalame

22 Juni

Okondedwa Mayi a Kambalame,

Moni wochuluka kwa inu ndi kwa Kambalame. Ine ndili bwino, msana wokha ndi umene ukudandaula. Ndapeza ganyu yotsitsa matumba pa msika waukulu. Si ntchito ya masiku onse, ndipo chikalata changa chitha mu Seputembala. Zikakanika mudzandiona ndikutsika basi ndi chikwama chimodzi. Sindidzatsika chozemba.

Kalata yanu inafika. Masamba awiri munandikalipira, ndipo zonse munanena ndi zoona: kuti ndinayenera kukufunsani nthawi ilipo, kuti mwana sadya ulemu wa bambo ake. Ndavomera. Koma pansi penipeni, pambuyo pa dzina lanu, munalemba mawu awiri a Chingerezi ndi dzanja lanu: Stay true. Limodzi la mu Febuluwale, lina la mu Meyi. Ine sindinakuphunzitseni kuwalumikiza. Ndadula kachidutswako, kali m'thumba la shati.

Nkhani ya a Wailesi yatheka. Mayi uja analemba kuti pepala lopinda lija ndi lopanda ntchito, ndipo kampani iyenera kuwasamala monga munthu wovulala pa ntchito. Atuluka m'chipatala, abwerera m'chipinda chathu, ndipo phokoso labwerera nawo. Akuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere. Akuti, "Lamanja lija linali mbuli kale, palibe chimene ndataya." Amaseka, koma ndinawaona akulimbana ndi batani la shati nthawi yaitali, osafuna kuti ndiwathandize. Za dzina langa lokongola lija sanazitchulenso.

Lamulungu kunabwera a Ndevu ndi nkhani. Akuti Lolemba nditachoka, akapitawo anaima pakhomo ndi kabolodi kawo monga kale. A Ndevu anali oyamba pamzere. Anachotsa pepala pa chopanira, analitambasula, n'kuyamba kulitsata ndi chala chilembo chimodzichimodzi. Akapitawo anakuwa, "Saina, dutsa!" Iwo anati, "Dikirani bwana, ndikuona ngati muli blame." Wachiwiri anachita chimodzimodzi, wachitatunso. Makina anayamba mochedwa ndi mphindi makumi anayi. Pano akuti pepala silipindidwanso, ndipo chotchingira chikadali pa makina.

Banja la lero ndi la re. Red ndi chofiira. Rest ndi kupuma. Real ndi chenicheni. Read ndi kuwerenga. Banja limeneli ndilo lomaliza kukusankhirani, chifukwa makatoni ndilibenso, komanso simukufunikanso munthu wokudulirani. Mawu ali ponseponse m'nyumbamo: pa kabokosi ka singano, pa chitini cha mafuta a makina, pa botolo la mankhwala a mayi. Pezani atatu oyamba mofanana, munditumizire banja lanu. Mukalakwitsa tidzaseka tonse n'kukonza.

Ndikupemphaninso kanthu kamodzi. Mwati lipoti la kusukulu la Kambalame lituluka kumapeto kwa mwezi wamawa, ndipo chaka chilichonse mumapita nalo kwa alamu anu kuti akuwerengereni, inu n'kusaina pamene aloza. Ulendo uno tayesani nokha kaye. Muliike pa tebulo la makina, mulisalaze ndi dzanja monga mumachitira ndi nsalu musanaidule. Yambani pamwamba. Mawu amene simukuwadziwa muwafunse mwanayo, asangalala kukhala mphunzitsi wa mayi ake. Musathamange, palibe amene akukuwa pakhomo panu.

Mukafika pansi, ndiye musaine.

Ndine wanu,
Bambo a Kambalame